Nkhuni za Maliro

Mayeso a Giredi 7 atatuluka, dzina langa silinali pa anthu opita ku sekondale. Ndinakhala pamudzi kwathu ku Katete ndikulima thonje la amalume anga a Zakeyo, popeza atate anali atamwalira ndipo amalumewo ndiwo anali mwini mbumba. Sindinali mnyamata wodandaula. Koma tsiku lina tikuchokera kogulitsa thonje, anandigulira sopo ndi kabudula wa khaki, ndalama zotsala n'kuzipinda m'thumba la jekete. Ndinalandira ndi manja awiri monga ndinaphunzitsidwira. Panjira pobwerera ndinaona kuti ndikakhala pamudzi ndidzamera imvi ndikuthokozabe sopo. Madzulo ake ndinauza amayi kuti ndikufuna kutsata mlongo wanga Esinati ku Lusaka.

"Iwe Lazaro?" anatero amayi. "Iwe wochita manyazi ngakhale ndi mbuzi? Kumeneko ukalankhula ndi yani?"

Amalume sanavute. "Mlekeni apite. Nyumba iliyonse pano ili ndi mwana m'tauni, ife tokha ndiye tikhale osekedwa?"

Za ulendowo ndimakumbukira fumbi, mwana wa eni ake atagona pamiyendo panga, ndi asilikali a pa mlatho wa Luangwa amene anatitsitsa tonse kuti tiwoloke wapansi. Esinati ndi mwamuna wake, alamu anga a Tembo, ankakhala ku komboni ya Mtendere, dera la nyumba zothithikana, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri pamodzi ndi ana awo. Ine ndinkagona pansi pafupi ndi chitseko, ndipo ndinkadzuka woyamba kuti anthu asachite kundidumpha. Ndikatsegula pakamwa ana a m'komboni ankaseka. Ndikati "zinthu" iwo ati "vinthu", ndikati "mawa" iwo ati "mailo", ndikati "kale" iwo ati "kudala", ndikati "abale" iwo ati "babululu", ndipo dzina langa linasanduka Wakumunzi. Ndinayamba kungokhala chete, zimene sizinandivute konse.

Ntchito anandipezera ndi alamu, kudzera mwa mnzawo wa kutchalitchi, a Simukonda, amene anali kapitawo woyang'anira nkhalango ya boma kum'mawa kwa komboni ya Kalikiliki. Nyumba za Kalikiliki zikatha, munthu ankawoloka kamtsinje n'kulowa m'mitengo: miombo, mitondo, misuku. Anthu ankangoti ku Folesiti. Sinali nkhalango yaikulu, munthu ankatha kuizungulira m'mawa umodzi. Koma pakati pake panali kasupe wosauma, ndipo mipopi ya m'komboni ikaleka kutulutsa madzi, amayi ankabwera ndi ndowa zawo mondondozana. Nthawi ya mvula ankazula bowa, ana ankatola masuku, ndipo Lamlungu magulu a mapemphero ankagwada pamithunzi atavala zoyera. Kwa anthu okhala mothithikana chotero, kumeneko ndiko kokha kumene munthu ankakhala pansi osamva wailesi ya mnzake.

A Simukonda anandipatsa ovolosi, majombo ndi chikwakwa. "Nchito yako ni yapafupi, mufana," anatero. "Ulambule njila yochinga moto, ndiponso uzikana. Nkuni zouma za pamutu, basiye bamai batenge. Koma muntu wa nkhwangwa olo wa motoka, umuuze ati iyayi. Wamvela?"

Ndinayankha kuti ndamva. Sindinawauze kuti chibadwire ndinali ndisanakanepo munthu wamkulu pamaso.

Miyezi yoyambayo inali yabwino kuposa ina yonse imene ndinakhala ku Lusaka. Ndinkatchetcha udzu m'malire, ndikuutentha ukadali wauwisi pang'ono kuti moto wa chilimwe usadzapeze polowera. Malipiro anali ochepa. Mbali ndinkapatsa Esinati ya ufa, mbali ndinkatumiza kwa amayi kudzera mwa aliyense wopita kum'mawa, ndipo yotsala sinkafika pakati pa mwezi. Nsapato sindinagule, majombo a ntchito ndiwo ndinkalowa nawo ndi m'tchalitchi momwe. Mnzanga ndinalibe. Masana ndinkadya chimanga chokazinga nditakhala pa kasupe, ndipo nthawi zina ndinkalankhula ndekha mokweza Chichewa chakwathu, kungofuna kumva ngati chikadalimo m'kamwa mwanga. Mawu amene ndinkatumiza kumudzi anali akuti ndili bwino, ndikugwira ntchito ya boma. Zogona pachitseko sindinkanena.

A Chanda anabwera m'nyengo yozizira. Anali Mbemba wa ku Mufulira, mtsogoleri wa anyamata a chipani m'dera lathu. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo m'komboni tcheyamani wa chipani ndiye ankagawa malo, kuweruza milandu ndi kunena woyenera kugulitsa pamsika. A Chanda anali munthu wa a tcheyamani weniweni. Ndinamva vaneti, kagalimoto konyamula katundu, ikulira pa kamtsinje, ndipo nditathamangirako ndinapeza amuna atatsika kale ndi nkhwangwa. Ndikukonzabe mawu okanira m'mutu, iwo anayamba kundiseka.

"Aa, ni uyu mulonda? Ba mbuya! Iwe ndiwe wakumawa, nakuona pa mendo. Mbeba zasila mu Folesiti, wadya zonse?"

Abemba ndi ife a kum'mawa timachita chimbuya. Timanyozana popanda wokwiya, iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Ndipo maliro akagwa kwa ena, enawo ndiwo amagwira ntchito: kutema nkhuni, kukumba manda, kuseketsa ofedwa. Mwambowu ndinkaumva, koma panalibe Mbemba amene anali atanditchulapo mbuya.

"M'bale wako wamwalila mu Kalikiliki," anapitiriza a Chanda, nkhope itagwa. "Ba Phiri, mudala wa ku Chadiza. Bantu bagona panja na mphepo iyi, mulilo kulibe. Ise ba mbuya tabwela kutema nkuni. Manje iwe uzatikaniza?"

Kwathu nkhuni za maliro sizipemphedwa n'komwe. Mwamuna aliyense akamva kulira amatenga nkhwangwa, ndipo mtengo ungakhale m'munda mwa yani, mwini wake sanena kanthu. Munthu wokaniza nkhuni za maliro ndinali ndisanamuonepo. Ndinawatsogolera ndekha ku mitengo youma. Anadula youmayo, kenako anawonjezera yaiwisi, ati youma yokha siifika m'mawa. Pochoka a Chanda anatapa dothi loyera n'kundipaka pamphumi monga mbuya amachitira ofedwa. Anyamata onse anaseka, inenso ndinaseka. Ndinene zoona, ndinabwerera kunyumba wokondwa. Munthu wa mu Lusaka anali atanditenga ngati mbale.

A Simukonda ankabwera mwa apo ndi apo, chifukwa njinga yawo ya ntchito inalibe matayala. Nditawafotokozera anakanda m'mutu. "Malilo ni malilo," anatero. "Ndiponso ba chipani osayambana nabo."

Vaneti inabweranso, n'kubweranso. Nthawi zonse womwalira anali wakwathu: a Banda, a Zulu, amayi a Mwale, mwana wa a Sakala. Youma itatha ankangodula uliwonse umene maso agwerapo. Mbali ya kumtsinje inayamba kuoneka ngati mutu wometedwa ndi lumo lobuntha, ndipo dzuwa linayamba kufika pa kasupe masana. Mtima unkandiwawa, koma ndinkadzidzudzula ndekha kuti ndingalire bwanji mtengo pamene anzanga akulira munthu. Ndinafika potumiza mawu kwa amayi kuti atipempherere, Lusaka ikutha anthu a kum'mawa.

Yankho linabwera ndi mayi wina wa kumudzi amene anadzaona mwana wake ku Chawama. Anakhala pa mpando wa Esinati, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku majombo. "Amako akuti, maliro onsewo ukumapitako? Akuti usamangopereka nkhuni ngati wogulitsa. Uzikaonekera, ukhale pansi ndi anzako, anthu akudziwe. Ukadzafera kuno adzakunyamula ndani?"

Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa amayi ankanena zoona. Loweruka lotsatira a Chanda atatenga nkhuni za maliro a a Mwanza, ndinaweruka, ndinasamba, ndinavala shati yanga yoyera, n'kupempha Esinati ufa pang'ono m'kambale kuti ndikapepese.

Maliro m'komboni sabisika. Mipando imatulutsidwa panja, amuna amazungulira moto, nyimbo za amayi zimamveka kutali. Ndinayenda Kalikiliki yense kambale kali m'manja, ndikufunsa mwaulemu. Palibe amene ankadziwa za a Mwanza omwalira. Wina anandilozera kwa a Mwanza osoka nsapato, ndipo ndinawapeza ali moyo, akukhoma chidendene, misomali ili pakamwa. Ndinawapatsa moni n'kupitirira.

Amene anandimvera chisoni ndi amake Jesi, mayi wa ku Petauke amene ankazula bowa ku Folesiti n'kumagulitsa pamsika. Anandimvetsera, anayang'ana kambale kaja, n'kupukusa mutu. "Mwana wanga, bwela nikulangize malilo yako."

Ananditengera kuseri kwa nyumba ya a tcheyamani. Kumeneko kunali mitengo yonse ija, mulu wautali kuposa denga. Ina anali ataiwaza n'kuimanga m'mitolo yogulitsa kwa ophika kachasu, yowongoka anaiunjika payokha kuti ikhale ya madenga. Ndinazindikira chipika cha mtengo umene ndinkapachikapo chipewa.

"Nkuni ni vochepa," ananong'ona amake Jesi. "Bafuna malo. Mitengo ikasila bazakamba ati palibe nkhalango apa, bayambe kupima mapuloti. Benangu balipila kudala."

A Chanda anali pomwepo, atakhala pa chipika ndi chigubu cha masese. Atandiona ndi shati yoyera ndi kambale ka ufa, anaseka mpaka kutsokomola. "Bane, onani! Ba mbuya babwela ku malilo! Nkalani pansi ba mbuya, lilani. Mitembo ni iyi, yonse ni yanu."

Ndikanakonda kunena kuti ndinawawaza ufawo kumaso. Sindinatero. Ndinawomba m'manja pang'ono, ndinati "zikomo", n'kubwerera ndi ufa wanga kwa Esinati. Mpaka lero ndikakumbukira zikomo ameneyo, manyazi amandigwira.

Lolemba ndinapita ku ofesi yathu m'tauni. A Simukonda anakana kundiperekeza, ati ali ndi ana. Ndinayenda wapansi n'kukakhala pa benchi, chipewa chili pamaondo. Kalaliki anati bwana ali ku msonkhano, ndibwere mailo. Mailo lakelo anati bwana apita ku maliro, ndipo ndinadziluma lilime kuti ndisafunse ngati analidi maliro. Pamene ndinadzawapeza bwanawo, anali munthu wabwino, anandipatsa ndi mpando womwe. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandionetsa mapu aakulu pakhoma, pamene nkhalango yathu inali yopakidwa utoto wobiriwira.

"Ukuona? Malo awa ndi otetezedwa ndi lamulo. Palibe angamangepo."

"Bwana, mitengo ikutha. Mukanabwera mudzaone."

Anati galimoto ilibe mafuta mwezi uno, koma alembera akuluakulu. "Iwe bwerera, uziwakaniza. Boma lili nawe." Ndinatuluka ndikudzifunsa kuti bomalo likaima pati, poti pa kamtsinje paja ndimaima ndekha ndi chikwakwa.

Komabe vaneti itabweranso ndinaima pakati pa njira. Ndinati, "Pepani ba Chanda, lero iyayi."

Sanandimenye. Anangofunsa khadi langa la chipani, analitembenuza uku ndi uku, n'kuliika m'thumba mwawo. "Chabwino, ba mbuya. Tizauza bantu ati mufana wa ku Folesiti akana nkuni za malilo." Tsiku limenelo anabwerera chimanjamanja, ndipo ine ndinaganiza kuti zatheka. Anangoyamba kulowera mbali ina. Ndikathamangira kumene nkhwangwa ikulira, ina inkayamba kulira kumene ndachoka. Nkhalango ili ndi mbali zambiri, mlonda anali mmodzi.

Choipa kwambiri chinachitika patapita masabata angapo. Kunabwera madala awiri ndi wilibala, opanda vaneti, opanda phokoso. Anati mdzukulu wawo wamwalira ku Mtendere, akupempha nkhuni. Ine ndinali nditanamizidwa kokwanira. Ndinawauza kuti ndiyambe ndaona nyumba ya malirowo. Mdala wamkuluyo anasiya wilibala pomwepo. "Tiye," anatero.

Tisanafike n'komwe ndinamva kulira kwa amayi. Ndinafuna kubwerera, koma mdalayo anandigwira pamkono n'kundilowetsa pabwalo, anthu onse akundiyang'ana. Ananena mokweza kuti, "Uyu wabwela kuona ngati tanama. Mulekeni angene aone." Sindinalowe. Ndinathamangira kunkhalango n'kusenza ndekha zipika mpaka mapewa kusupuka, koma zimenezo sizinafafanize kanthu. Ndimawakwiyirabe a Chanda chifukwa cha mitengo, koma ndimawakwiyira koposa chifukwa cha tsiku limenelo. Anandisandutsa munthu wofunsa umboni wa maliro.

Kuchokera pamenepo dzina langa linaipa m'komboni. Pa mpopi amayi ankasuntha ndowa ya Esinati n'kuiika kumbuyo. Pamsika anyamata a chipani sankandilola kulowa, popeza khadi ndinalibe. Esinati sanandidzudzule, ankangondipakulira chakudya. Alamu ndiwo anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Mulamu, ise tinkala muno na ba tcheyamani. Iwe uli na kumunzi kobwelela, ise tilibe. Mitengo ija si babululu bako."

Ndinati ndamva, alamu. M'mawa ndinapitanso kuntchito.

Mvula isanagwe, zikhomo zopaka utoto wofiira zinayamba kuoneka m'mbali ya kumtsinje. Ndinkazizula m'mawa, madzulo n'kupeza zina. Kenako a tcheyamani anachititsa msonkhano pa malo ometedwawo, anthu atakhala pa zitsa. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni.

"Apa pali nkhalango?" anafunsa a tcheyamani, akuloza zitsa.

"Iyayi!" anthu anayankha.

"Bantu bagona khumi mu chipinda chimozi, koma mitengo yeve ili na malo. Ni chilungamo icho?"

Anthu anawomba m'manja, ndipo chimene chinandipweteka n'chakuti mbali ina sankanama. Ine ndemwe ndinkagona pachitseko. Amake Jesi anaimirira, chitenje atachimanga zolimba. "Ba tcheyamani, nanga manzi? Pompi ikauma titapa kuti? Mutisiyileko chabe mitengo ya pa kasupe."

"Mapompi yabwela, bamai, nkalani pansi," anatero a Chanda. "Olo mufuna puloti ya bowa?" Anthu anaseka, ndipo nkhani ya madzi inathera pomwepo. Ine ndinali ndi zambiri zonena. Ndinkadziwa mtengo uliwonse umene mizu yake inkasunga kasupe uja. Ndinakweza dzanja mpaka paphewa, palibe anandiona, ndinalitsitsa.

Chimene a tcheyamani sananene n'chakuti mbali ya kumtunda, youma bwino, inali itapita kale kwa mabwana a magalimoto. Amenewo sanavutike ndi nkhwangwa, anabwera ndi waya ndi thirakitala yogwetsa mitengo. Osauka anapatsidwa kunsi konyowa, ndipo zimbudzi zawo zoyamba anakumba pafupi ndi kasupe. Pamene ndinkachoka ku Lusaka mipopi inali isanabwere, ndipo kasupe anali atasanduka matope onunkha.

Tsiku lina ndikuzula zikhomo monga mwa masiku onse, ndinapeza alamu a Tembo ataima pa puloti ina ndi chingwe chopimira, Esinati ali pambali ndi mwana kumbuyo. Alamu sanabise nkhope.

"Folesiti yapita kudala, mulamu. Tikakana ise, bazatenga benangu. Ufuna bana ba mulongo wako bakulile mu lendi?"

Esinati ankayang'ana pansi. Chikhomo chimene chinali m'manja mwanga ndinachibwezera pa dzenje lake, n'kuchikhomera ndi chidendene cha jombo.

Sindidziwa ngati bwana uja analemberadi akuluakulu. A Simukonda anabwera kudzatenga ovolosi ndi majombo, ati palibenso cholonda. Anandiuza akuseka mowawa kuti pa mapu a ku ofesi malowo akadali obiriwira. Ndinayesa kufuna maganyu, ndipo ntchito yoyamba imene ndinapeza inali yokumba maziko a nyumba ya bwana wina pa malo omwewo. Ndinakumba masiku ochepa, ndikudula mizu ya mitengo imene ndinkaidziwa, kenako ndinauza Esinati kuti ndikupita kwathu. Anandiperekeza ku basi, anandigulira mabanzi, ndipo basi ili pafupi kunyamuka anati, "Usakanene kwa amayi kuti tinakuthamangitsa." Ndinati sindikanena, poti sanandithamangitse. Njira yonse ndinkadzitonthoza ndi chinthu chimodzi, chakuti ndikubwerera kumene anthu amadziwa ntchito ya mtengo.

Kale mudzi wathu sunkaoneka uli pamsewu. Munthu ankayamba wamva kusinja kwa amayi ndi kulira kwa atambala, kenako n'kutulukira pabwalo. Tsiku limenelo ndinauona ndikadali kutali, wonse uli poyera, ndi nyumba zofiira za njerwa zootcha zimene kale kunalibe. Amayi anaimba nthungululu, anandizungulira, anati ndaonda. Anandiphikira pamoto wa zitsononkho ndi mapesi, ati nkhuni masiku ano n'zakutali, munthu amanyamuka m'mawa n'kubwera dzuwa lili pamutu.

Kutacha amalume anandigwira dzanja monyadira, n'kunditengera kuseri kwa nyumba ya amayi. Panali zipupa za njerwa zofika m'mawindo.

"Yako iyi, mphwanga. Ndalama zako sitinadye ayi. Aliyense amene ali ndi mwana m'tauni waotcha njerwa, ifenso sitinatsale. Uvuni wako unadya mitengo ya kumtsinje kuyambira padambo mpaka pa mwala paja, koma taona kufiira kwake."

Ndinagogoda chipupa. Njerwa zinali zabwinodi, zolira.

"Zatsala za pamwamba," anapitiriza amalume. "Loweruka tidula mikuyu ndi mitondo yatsala kuchitsime ija, tiotche uvuni wachiwiri. Mowa wa odula amako ayamba kale kufulula."

"Ayi, amalume."

Mawuwo anatuluka okha. Amalume anacheuka ngati walankhula ndi munthu wina. "Wati bwanji?"

"Ndati ayi. Mitengo ya kuchitsime isadulidwe chifukwa cha ine. Ndinaona kasupe akufa ku Lusaka mitengo itatha. Nyumba ikhale momwemo."

Ndinayembekezera ukali, koma iwo anangoseka. "Lusaka yakuphunzitsa kuyankha akulu, eti? Chabwino, nyumba ndi yako, udzagona m'mvula ndiwe. Mwana wa a Daka wa ku Kitwe watumiza ndalama, nawonso akufuna uvuni. Mowawo tiwapatsa iwo, ungawonongeke."

Ndinapita kwa a Daka. Ndinapita kwa akulu a mpingo, ndi kwa aphunzitsi anga akale. Ulendo uno ndinalankhula, ndinanena zonse zimene ndinalephera kunena pa msonkhano wa a tcheyamani. Onse anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anavomera ndi mutu, ndipo pomaliza anandifunsa kuti malata akugula bwanji ku Lusaka.

Loweruka nkhwangwa zinayamba kulira m'mawa. Ndinakhala m'nyumba yanga yopanda denga ndikumvetsera. Kunali nyimbo, kunali nthabwala, ndipo liwu lililonse ndinkadziwa mwini wake: asuweni anga, anzanga a kusukulu, amalume akutsogolera. Mtengo ukagwa amayi a m'mudzi ankaimba nthungululu. Ku Lusaka anachita kupeka maliro kuti adule mitengo pamaso panga. Kwathu panalibe wovutika ndi kunama.

Chitsime chija chinapirira zaka ziwiri, kenako chinauma. Nyumbayo ikadali pomwepo, yofika m'mawindo, ndipo mbuzi za amalume ndizo zimagonamo. Ine ndimakhala m'kanyumba ka udzu pambali pake, ndikulima thonje. Mlendo akafunsa njira ya kuchitsime chatsopano, chakutali chija, anthu amamuuza kuti adutse pa nyumba ya Lazaro wokana, kenako azingoyenda.